Magazi, Chilankhulo ndi Kudziŵiratu za Kuchira: Odwala Okha Magazi mu Ubongo m'Matauni a Migodi a ku Midlands

Cholinga cha pepala lino ndi kufotokoza nkhani imene poyamba ioneka ngati ya madokotala okhaokha, koma imene ili ndi mbali yaikulu yokhudza ife ophunzira zilankhulo. Nkhaniyi ndi ya zizindikiro zopezeka m'magazi, zimene akatswiri a zachipatala akuziyesa pofuna kudziŵiratu ngati munthu amene mtsempha wa magazi waphulika mu ubongo mwake adzachira kapena ayi. N'kwapafupi kuganiza kuti popeza magazi salankhula Chicheŵa, Chishona kapena Chingerezi, ndiye kuti sangasocheretse dokotala monga mmene zimachitikira iye ndi wodwala akalephera kumvana. Maganizo ameneŵa ali ndi choona chake, koma ndisonyeza kuti chilankhulo chimene tachitulutsira pakhomo chimabwereranso kudzera pazenera, ndipo chikabwera chimakhudza moyo wa munthu. Zitsanzo zanga ndazitenga kwa anthu olankhula Chicheŵa a m'matauni a migodi m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe.

Anthu ake

Kuyambira m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, amuna ambiri ochokera ku Nyasaland, kum'maŵa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete anapita kukagwira ntchito m'migodi ya ku Southern Rhodesia. Ena anapita okha wapansi, ena anatengedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene linakhazikitsidwa mu 1903, ndipo mavuto awo anaŵafotokoza bwino Charles van Onselen m'buku lake la mu 1976 lotchedwa Chibaro. Ku Midlands anakumba golide ku Globe and Phoenix mu Kwekwe, kromu ku Shurugwi, asibesitosi ku Shabanie mu Zvishavane, ndipo pambuyo pake ena anagwira ntchito ku fakitale ya zitsulo ya ku Redcliff. Ambiri sanabwerere kwawo. Ndiwo aja kumudzi ankaŵatcha machona.

Ana ndi adzukulu awo alipobe m'makomboni monga Maglas ku Zvishavane, Amaveni ku Kwekwe ndi Torwood ku Redcliff, ngakhale kuti fakitale ya zitsulo inaima mu 2008 ndipo mgodi wa Shabanie nawo unagwa m'zaka zomwezo, pamodzi ndi chithandizo cha mankhwala chimene makampani ankapereka kwa antchito awo. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013, m'ndime 6, anaika Chicheŵa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma mkulu wa m'makomboniŵa amakhala ndi zilankhulo zingapo m'mutu mwake: Chicheŵa cha pakhomo, cha ku tchalitchi ndi cha kudambwe, Chishona cha pamsika, makamaka Chikaranga kumadera a kum'mwera kwa chigawochi, Chilapalapa cha pansi pa mgodi, mwinanso Chindebele, Chiyao ndi Chingerezi pang'ono. Adzukulu ake kaŵirikaŵiri amalankhula Chishona ndi Chingerezi, ndipo Chicheŵa amangochimva. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa mdzukulu ameneyu ndiye amasanduka womasulira pa tsiku la tsoka.

Matenda ake ndi kayezedwe kake

Sitiroko ili mitundu iŵiri ikuluikulu. Mtundu woyamba umachitika mtsempha ukatsekeka, mbali ina ya ubongo n'kusoŵa magazi. Wachiŵiri, umene tikukamba pano, umachitika mtsempha ukaphulika, magazi n'kukhuthukira m'kati mwa ubongo, kumene amang'amba mnofu wake ndi kupanikiza mbali zoyandikana nazo. Chimene chimayambitsa kwambiri ndi kuthamanga kwa magazi kosalandira mankhwala. Ku Ulaya mtundu wachiŵiriwu umagwira odwala sitiroko 10 mpaka 15 pa 100 alionse, koma mu Afirika umachuluka. Jonathan Matenga ndi anzake, m'kafukufuku amene anafalitsa mu 1986 atajambula ubongo wa odwala 100 m'zipatala ziŵiri zazikulu za mu Harare, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali wokha magazi. Matendaŵa ndi oopsa: pa dziko lonse, odwala pafupifupi 40 pa 100 alionse amamwalira mwezi usanathe.

Wodwala wotere akafika kuchipatala, choyamba amayezedwa kuti ali maso motani. Muyezo wake ndi Glasgow Coma Scale, umene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anaukonza mu 1974. Umapereka malikisi pa zinthu zitatu: kutsegula maso mpaka 4, kulankhula mpaka 5, ndi kusuntha ziŵalo mpaka 6. Onse pamodzi amayambira pa 3 kulekeza pa 15. Aliyense aona kuti malikisi a kulankhula amadalira chilankhulo, koma ambiri sazindikira kuti a kusuntha ziŵalo nawo amatero, chifukwa kuti munthu apeze 6 ayenera kumvera lamulo limene wauzidwa ndi pakamwa.

Apa m'pamene pakuloŵa nkhani ya kusokonekera kwa chilankhulo kobwera ndi kuvulala kwa ubongo, kumene madokotala amakutcha aphasia. Kwa munthu wa zilankhulo zingapo, funso lakale ndi lakuti chibwerere choyamba n'chiti. Théodule Ribot, m'zaka za m'ma 1880, anaphunzitsa kuti zimene munthu anaphunzira poyamba ndizo zimakhalitsa. Albert Pitres mu 1895 anati chimabwerera msanga ndi chimene munthuyo ankagwiritsa ntchito kwambiri asanadwale. Michel Paradis mu 1977 anasonyeza kuti palibe lamulo limodzi: mwa odwala ambiri zilankhulo zonse zimabwerera limodzi, koma mwa ena chimodzi chimatsogola, mwa ena chimodzi chimatayikiratu, ndipo mwa ena zimasakanikirana m'chiganizo chimodzi. Choncho sitinganene kuti mkulu aliyense wa ku Torwood adzabwerera ku Chicheŵa. Tingonena kuti ena adzatero, ndipo chipatala chiyenera kukhala chokonzeka.

Tiyerekeze kuti zachitikadi. Namwino akulankhula Chishona, ndipo ati:

(1) Buritsai rurimi.
(2) Simudzai ruoko.

Chiganizo (1) Mcheŵa angachigwire, chifukwa rurimi ndi lilime ndi mawu a muzu umodzi. Koma mu (2) mulibe mawu amene afanana ndi "kwezani mkono". Palinso mawu onyenga: mirai m'Chishona ndi kuuza munthu kuti aime kapena adikire, pamene kumira kwa ife ndi kuloŵa pansi pa madzi. Wodwala amene ubongo wake watsala ndi Chicheŵa chokha sakweza mkono, ndipo akayankha kuti "mutu ukundiŵaŵa, mwanawe", womuyeza wosadziŵa Chicheŵa angalembe kuti akutchula mawu osagwirizana ndi funso. Munthu woyenera malikisi 14 wapatsidwa 12.

Kusiyana kwa malikisi aŵiri kukuoneka kochepa, koma taonani kumene kukupita. Mu 2001 J. Claude Hemphill ndi anzake ku San Francisco anakonza muyezo wina, ICH Score, wosonyeza kukula kwa ngozi ya imfa. Umaŵerenga zinthu zisanu: malikisi a Glasgow, kuchuluka kwa magazi okhuthuka ngati afika mamililita 30, ngati magazi aloŵa m'mphako za madzi za mu ubongo, ngati kukhako kwachitikira kumunsi chakunkhongo, ndiponso ngati wodwala wafika zaka 80. Wa malikisi a Glasgow 13 mpaka 15 sapatsidwa pointi. Wa 5 mpaka 12 amapatsidwa imodzi. Pakati pa odwala amene Hemphill anaŵaŵerenga, a mapointi 2 anamwalira 26 pa 100 alionse m'masiku 30, koma a mapointi 3 anamwalira 72 pa 100 alionse. Mkulu wathu uja, ngati anali kale ndi mapointi 2 pa zifukwa zina, kusamvana kwa chilankhulo kokha kwamuchotsa m'gulu la ambiri opulumuka n'kumuika m'gulu la ambiri akufa. Malangizo atsopano a muyezo wa Glasgow a mu 2014 amati pamene pali chotchinga chotere woyeza alembe kuti mbali imeneyo siyezeka. Koma kuti alembe zimenezo ayenera kuyamba wazindikira kuti zimene akumvazo ndi chilankhulo.

Zimene magazi amanena

Chiyembekezo cha akatswiri n'chakuti magazi apereke umboni wosadalira makutu a munthu. Ubongo uli ndi mpanda umene umaletsa zinthu zambiri kudutsa pakati pa iwo ndi magazi. Mtsempha ukaphulika mpandawo umagumuka, ndipo mapuloteni a m'maselo ophwanyika amatulukira m'magazi, mmene angathe kuyezedwa.

Puloteni yodziŵika kwambiri ndi GFAP, yopezeka m'maselo ooneka ngati nyenyezi amene amachirikiza maselo a mauthenga. Christian Foerch ndi anzake ku Frankfurt anasonyeza mu 2006 kuti mwa odwala okha magazi GFAP imakwera m'maola oyambirira, pamene mwa odwala otsekeka mtsempha imakwera pang'onopang'ono kwa masiku aŵiri kapena kuposerapo. Chifukwa chake n'chomveka: magazi okhuthuka amaphwanya maselo nthaŵi yomweyo, koma maselo osoŵa magazi amafa mochedwa. Kuchuluka kwa GFAP kumayenderanso limodzi ndi kukula kwa dziŵe la magazi mu ubongo. Kwa munthu wa ku Zvishavane, amene ali pa mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera ku Gweru, ndipo makina a CT ojambulira ubongo ali m'zipatala zazikulu zoŵerengeka, kuyeza kotere kungakhale kwa phindu lalikulu. Ku America kachipangizo ka m'manja koyezera GFAP pamodzi ndi puloteni ina ya UCH-L1 kanaloledwa mu 2021, koma chilolezocho n'cha anthu ovulala m'mutu, osati cholosera kuchira kwa odwala sitiroko.

Puloteni ina ndi neurofilament light, yochokera m'timichira titalititali ta maselo a mauthenga. Iyo imakwera mochedwa, kwa masiku ndi masabata, ndipo ikakwera kwambiri kaŵirikaŵiri zotsatira zimakhala zoipa. Palinso S100B, ndi zina zimene zipatala zambiri zingayeze: shuga wa m'magazi, CRP yosonyeza kutupa kwa m'thupi, ndi chiŵerengero cha mitundu ya maselo oyera.

Koma magazi ngakhale alibe chilankhulo, ali ndi mbiri. S100B imapangidwanso ndi maselo opereka mtundu wa khungu, ndipo anthu akuda athanzi amapezeka nayo yambiri kuposa azungu. Anthu ambiri a mu Afirika amabadwa ndi chiŵerengero chotsika cha maselo oyera otchedwa neutrophil popanda matenda alionse. Neurofilament light imakwera ndi ukalamba, ndi matenda a impso, ndiponso ndi kachilombo ka HIV kosalandira mankhwala. CRP imakwera ndi malungo ndi chifuwa chachikulu, chimene chimakonda mapapo oonongeka ndi fumbi la mumgodi. Malire a "kukwera" oikidwa ku Frankfurt sangangotengedwa n'kuikidwa pa mkulu amene anapuma fumbi la pansi zaka 30. Mpaka lero palibe chizindikiro cha m'magazi chimene chavomerezeka kuti pachokha chigamule za tsogolo la wodwala wotere.

Chinthu chimene chimandikhudza ine monga wa zilankhulo n'chakuti chizindikiro chilichonse chimayesedwa poyerekeza ndi "kuchira", ndipo kuchirako kumayezedwa ndi mafunso. Muyezo wofala ndi wa John Rankin wa mu 1957, umene unakonzedwanso pambuyo pake, woyambira pa 0, munthu wopanda vuto lililonse, kulekeza pa 6, imfa. Pakatha masiku 90 wodwala kapena m'bale wake amafunsidwa ngati akutha kuyenda yekha, kudzisamalira, ndi kuchita zimene ankachita kale. Tsono m'Chicheŵa mawu ake ndi ambiri ndipo safanana. Kutsitsimuka ndi kubwerera kuchokera kokomoka. Kupeza bwino ndi kuchepa kwa ululu. Kupola n'kwa bala. Kuchira ndiko kutha kwa matenda, komanso kumatanthauza kupulumuka chabe, monga tikamati munthu wachira pa ngozi. Mayi wofunsidwa kuti "kodi bambo achira?" angayankhe kuti inde, kutanthauza kuti sanafe, ali chigonere. Funso la kudzisamalira nalo lili ndi msampha: mkulu amene mpongozi wake amamuphikira ndi kumutenthetsera madzi osamba sachita zimenezo yekha, koma sankachita ngakhale asanadwale, chifukwa ulemu sulola. Ngati mayankho otere aloŵa molakwika m'kafukufuku, ndiye kuti puloteni yoyezedwa ndi makina olondola kwambiri ikuyerekezedwa ndi muyezo wopotoka.

Rankin salabadiranso mbali ya chilankhulo imene kwa ife ndi yaikulu, ndiyo kukweza ndi kutsitsa kwa liwu. M'Chicheŵa mténgo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimasiyana pa liwu lokha, ndipo nthaŵi zina za mneni zimasiyananso motero. McLoddy Kadyamusuma ndi anzake anafalitsa mu 2011 kafukufuku wa odwala olankhula Chishona, wosonyeza kuti kuvulala kwa ubongo, makamaka mbali ya kumanzere, kumasokoneza kamvedwe ka kusiyana kotereku. Munthu angayende yekha, n'kulembedwa kuti wachira bwino, koma akulephera kutsata nkhani pabwalo.

Kuuza abale

Dokotala akalandira zotsatira, ayenera kuuza abale. Zimene ali nazo m'manja si ulosi koma chiŵerengero cha gulu: mwa odwala 100 ofanana ndi uyu, akutiakuti anachira. Mneni umene timagwiritsa ntchito, kulosera, ndi wachibale wa kulosa ndi mlosi, ndipo umanunkha ula. Woombeza sanena za anthu 100. Amanena za iwe. N'chifukwa chake ndikonda mawu akuti "kuyerekeza" pa ntchito imeneyi, ngakhale kuti ndi ozizira.

Vuto lenileni lili m'galamala. Taonani ziganizo izi:

(3) Adzachira.
(4) Angachire.
(5) Sangachire.
(6) Mwina sachira.

Mphatikiram'kati -nga- mu (4) akusonyeza kuthekera: njira ilipo. Munthu angaganize kuti kukana kwa (4) kusiyanso khomo lotsegula, koma si choncho. Mu (5) mphatikiram'mbuyo wokana sa- akukana kuthekera komweko, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti n'zosatheka. Dokotala akanena m'Chingerezi kuti wodwala may not recover, iye akutanthauza (6). Koma mdzukulu wodziŵa Chicheŵa chapamwamba, akamamasulira liwu ndi liwu, aphatikiza "may" ndi -nga-, "not" ndi sa-, n'kutulutsa (5). Chikayikiro chasanduka chigamulo, ndipo palibe aliyense m'chipindamo amene wazindikira.

Wina angati zimenezi n'zazing'ono, popeza wodwala achira kapena kumwalira malinga ndi bala lake, osati malinga ndi mphatikiri. Madokotala eni ake satero. Kyra Becker ndi anzake anasonyeza mu 2001 kuti pa matenda ameneŵa ulosi woipa umadzikwaniritsa wokha: wodwala akaonedwa ngati wopita kale, chithandizo chimachepetsedwa, iye n'kumwaliradi, ndipo imfa yakeyo imaloŵa m'ziŵerengero ngati umboni wakuti ulosi unali woona. N'chifukwa chake malangizo a American Heart Association amati chigamulo chatsopano chosiya kutsitsimutsa wodwala chidikire kufikira tsiku lachiŵiri lathunthu m'chipatala, ndiponso kuti mapointi okha asakhale chifukwa chochepetsera chithandizo. Kafukufuku wa INTERACT3 wa mu 2023, wa odwala oposa 7,000 m'maiko 10, anasonyeza kuti zinthu wamba monga kutsitsa msanga kuthamanga kwa magazi, shuga ndi kutentha kwa thupi zimathandiza odwala kuchira bwino. Kwathu kuno chigamulo chochepetsa chithandizo sichikhala cha dokotala yekha. Banja lopanda penshoni likamva "sangachire" limaŵerengera mtengo wa ulendo wa ku Gweru kapena ku Bulawayo, ndipo lingasankhe kutenga wodwala kuti akathere kunyumba.

Kulakwa kungapitenso mbali inayo. Mwambo wathu sulola mwana kutchula imfa ya mkulu poyera. Timati matenda akula, timati odwala atopa, timati zinthu sizili bwino kwenikweni. Agogo aakazi akamva kuti "atopa" amadziŵa kuti ndi nthaŵi yotumiza uthenga kwa abale ndi kwa akuluakulu a mpingo kapena a bungwe la maliro, amene m'makomboni a migodi akhala akuima m'malo mwa eni mbumba otsala kumudzi. Mdzukulu wokulira m'Chishona angamve mawu omwewo n'kuganiza kuti agogo akungofuna kupuma. Ndipo iye mwini, poopa kuŵaŵitsa mtima agogo, angafeŵetse uthenga wa dokotala mpaka kuutheratu. Mwa maganizo anga, ntchito imeneyi siyenera kusenzetsedwa mwana, ngakhale atakhala wochenjera chotani.

Ngakhale pempho lotenga magazi lili ndi katundu wake. Kuyambira m'zaka za Edzi, mawu akuti kuyezetsa magazi, akanenedwa opanda chowonjezera, ambiri amamva kuti ndi kuyezetsa HIV. Mayi wouzidwa kuti "tiyeza magazi a amuna anu kuti tidziŵe ngati achire" angabwerere kunyumba ndi nkhaŵa ina yosiyana kotheratu. Mawu akuti mtsempha nawo amaimira njira ya magazi, njira ya mauthenga a m'thupi, ndiponso chingwe cholumikiza mnofu ku fupa, monga mmene tsinga alili m'Chishona. Kufotokoza kuti mtsempha wa magazi waphulika n'kuvulaza mitsempha ya mauthenga kumafuna kuti womasulira asadumphe mawu ofotokozerawo.

Ndikupereka kwa anzanga a pa msonkhano uno chitsanzo cha kanenedwe kamene ndiganiza kuti kangayesedwe ku Amaveni kapena ku Maglas, pamaso pa akuluakulu eni ake, tisanakalembe m'buku lililonse:

(7) Amayi, tatenga magazi pang'ono kuti tione kukula kwa bala la m'mutu. Sitikufufuza matenda ena. Zimene tapeza zikusonyeza kuti balalo ndi lalikulu. Mwa anthu khumi amene amabwera ndi bala lotere, ena amamwalira, ena amakhala ndi moyo koma ofuna kuthandizidwa, ndipo ena amayendanso. Lero sitikudziŵa kuti bambo ali m'gulu liti. Tipitiriza kuŵasamala, ndipo mkuja tidzakambiranenso.

Chiganizo chilichonse mu (7) chapeŵa -nga- wokana, ndipo m'malo mwa "pa 100" muli anthu khumi, amene munthu angaŵaŵerenge pa zala. Chotsala ndi dzina la chinthu choyezedwacho. "Chizindikiro" n'chotakata, chifukwa mutu woŵaŵa nawo ndi chizindikiro. Alenje ali ndi mawu akuti mkwaso ndi mapazi, zimene nyama imasiya podutsa, zosonyeza kukula kwake ndi nthaŵi imene inadutsa koma zosanena kumene ikagone. Mawu akuti "mapazi a bala m'magazi" ndi oyenera kuŵayesa pa makutu a agogo a ku Torwood, pamodzi ndi a adzukulu awo amene sanapiteko kuuzimba.